Whyson Asasula Denga

"Novembala, ba Whyson! Novembala! Munthu wa mutu wabwino angasasule malata mu Novembala?"

Petronella analankhula ataima pakhomo, dzanja lina m'chiuno, lina litagwira mimba yake ya miyezi isanu ndi itatu. Mwamuna wake Whyson anali atakhala pa mulu wa mabuloko amene anaunjika pambali pa chitseko, akupala simenti youma ku nsapato zake ngati nkhaniyo sikumukhudza.

"Masiku awiri chabe, Petro. Loyamba tichotsa malata, tiika malaini awiri a mabuloko. Lachiwiri laini yotsiriza, tibweza malata, basi. Pansi tizathira dothi pang'onopang'ono. Kapena ufuna mwana akabadwa tizimugoneka pa thebulo monga wailesi madzi akalowa?"

"Sinikana kukweza nyumba. Nikana nthawi. Mu Ogasiti munali kuti? Mu Seputembala munali kuti?"

"Nanga iwe mu Ogasiti na Seputembala unali kudya chani?"

Apa Petronella anangotsonya. Musamuweruze msanga Whyson. Anali mmisiri womanga, wa manja abwino ndithu, koma chilimwe chonse ba Chibwe, kontirakitala amene ankamulemba ntchito, anamupanikiza ku Chalala kumanga nyumba yansanjika ya munthu amene Whyson sanamuonepo ndi nkhope yomwe. Ukapempha masiku atatu, ba Chibwe ankakulozera kugeti kumene kunali anthu khumi ofuna malo ako. Mitambo itayamba kusonkhana, ntchito n'kuchepa, m'pamene anati, "Pitani mukapumuleko." Amisiri a m'komboni amamanga nyumba zawo nthawi yomwe eni ndalama aleka kumanga.

Ndipo nyumbayo inkafunikadi kukwezedwa. Pansi pa Kanyama, komboni yawo ya mu Lusaka, ndi thanthwe lokhalokha, madzi a mvula salowa pansi, amangokhala n'kumayang'ana khomo loti alowe. Chaka ndi chaka ankalowa mwa Whyson mpaka m'maondo. Kuti akweze pansi ankayenera kuyamba wakweza denga, chifukwa mutu wake unkagunda kale malata.

"Iyi nyumba ni ya atate anga," anatero Petronella, mawu atatsika. "Vipinda viwiri chabe, koma ni vathu. Nifuna mwana wanga akachoka ku kiliniki abwere muno, osati kwa munthu. Ikagwa kulibe ina."

"Siizagwa. Sinizagwira lata na limodzi mpaka nimve pa TV kuti kuli masiku awiri opanda mvula. Aja anthu anaphunzira, ali na makina amene aona mitambo ikali ku Congo."

"TV iti? Iyi yathu yamene nimaikapo maluwa a pulasitiki? Inayaka liti madzulo?"

Zanyengo zinkabwera kamodzi pa tsiku, kumapeto kwa nkhani za naintini awazi, seveni koloko madzulo, dzuwa litangolowa kumene. Nthawi imeneyo ku Kanyama magetsi, amene eni ake amati malaiti, ankakhala kulibe. Ankazima mbandakucha n'kubwera pamene eni ake afunira, mwina masana kwa maola awiri, mwina osabwera n'komwe. Choncho Whyson anayamba kusaka zanyengo m'komboni ngati munthu wosaka nkhuku yosochera.

Malo okhawo amene TV inkayaka madzulo anali mu babashopu ya Dalton, amene anali ndi sola padenga. Komatu m'menemo munkadzaza amuna oonera mpira.

"Dalton, mubale wanga, chinjako TV kang'ono. Mamineti awiri chabe."

"Ba Whyson, mufuna anthu aba anipaye? Bola ili mkati!"

"Nifuna chabe kumva va mvula."

"Va mvula? Tulukani panja muyang'ane kumwamba, ni mahala!"

Babashopu yonse inaseka, wina mpaka kugwetsa chipewa. Whyson nayenso anaseka nawo, koma anatuluka makutu akutentha.

Tsiku lachitatu Dalton anamumvera chisoni osewera atapita kukapuma, namuikira nkhani. Whyson anadikira zotsatsa sopo, zotsatsa njuga ya mpira, zotsatsa sopo kachiwiri, kenako panatulukira mayi wina atavala bwino, ataima kutsogolo kwa mapu. Ankalankhula Chingerezi chothamanga. Chingerezi cha Whyson chinali cha pa saiti yomanga nyumba, chokwanira kumva bwana akamakalipa, ndiye iye ankangowerenga zithunzi. Pamwamba pa Lusaka panali kamtambo kakuda kakudontha. Asanakhazikike bwino pa benchi, mayi uja anali atatsanzika kale.

"Mawa kuli mvula," anakamuuza Blackson, mmisiri mnzake amene analonjeza kumuthandiza. "Tiyembekeze."

Anayembekeza. Mawa lake ku Kanyama dzuwa linaswa mtengo, mkuja chimodzimodzi. Mvula inagwadi, koma ku Kabulonga, ndipo amene anabweretsa nkhaniyo anali Christine, mnansi wawo wogwira ntchito ya m'nyumba kumayadi kumeneko, amene anafika nsapato zili matope pamene kwawo kunali fumbi. Kwa mayi wa pa TV uja Lusaka yense anali kadontho kamodzi pa mapu.

Sabata yotsatira zinachitikanso momwemo. Kamtambo pa TV, kumwamba mbee, timadontho tiwiri tosanyowetsa ndi nkhuku yomwe. Blackson anafika m'mawa wina atakwiya.

"Mwana, masiku anayi abwino tataya chifukwa cha mkazi wako wa pa TV. Ine pa Mande niyenda ku Kafue, napeza nchito. Ngati si wikendi ino, uzakweza wekha."

Petronella anali m'kati akupinda matewera amene anasoka yekha. Mimba inali itatsika, ndipo usiku sankagona bwino. Whyson ankadziwa kuti akumvetsera.

Lachisanu cha m'ma teni koloko m'mawa, komboni yonse inakuwa pamodzi: "Malaiti!" Amayi anathamangira ku masimbi ositira, achinyamata ku machaja a mafoni. Whyson anachotsa maluwa a pulasitiki aja n'kuyatsa TV. Mwayi wake, munali nkhani. Anadikira ataima, mtima uli m'mwamba, mpaka mayi uja anatulukira ndi mapu ake. Pamwamba pa Lusaka panali dzuwa, lachikasu, lopanda ndi kamtambo komwe. Mapu anasintha, panabwera a tsiku lachiwiri. Dzuwanso!

"Petro! Bwera uone! Mawa na mkuja, dzuwa lokhalokha!"

Mmene Petronella ankadzuka pa mphasa, pa TV panali patabwera kale zotsatsa sopo.

Tsiku lonselo Whyson anatuta mchenga ndi wilibala akuimba nyimbo za kwawo ku Katete. Loweruka kusanatenthe iye ndi Blackson anali padenga akuzula misomali. Malata anawasanjika pambali pa nyumba n'kuwatsindika ndi miyala. Katundu anamuunjika pakati pa chipinda chochezera, namufundika pulasitiki yakuda. Dzuwa likamapendeka malaini awiri anali atakhala, owongoka bwino, moti odutsa m'njira ankaima n'kuyamikira. Whyson anasamba m'manja mu ndowa akumva kukoma.

M'pamene Christine anatulukira kuchokera ku ntchito, kumene Loweruka ankaweruka msanga, chikwama chili m'khwapa. Ataona nyumba ili pululu, anaima chilili.

"Mulamu! Mwachita chani? Bwezani malata mawa kuseni-seni, kukangocha, napapata chonde."

"Chavuta n'chani, ba Christine?"

"Madamu wanga aniuza kuti nilowetse mipando yonse ya pa kapinga. Foni yawo yakamba kuti pa Sondo kubwera chimvula chachikulu."

"Foni ya madamu ikamba va ku Kabulonga. Ine naona na maso anga pa TV, dzuwa kawiri."

"Munaona liti?"

"Dzulo kuseni, malaiti atabwera."

Christine anaika chikwama pansi n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Mulamu, nkhani za kuseni ni zija za madzulo, amabwereza chabe. Ine nimaziona kawiri tsiku lililonse, madzulo nikalibe kukomboka pa nchito na kuseni pokolopa. Mayi ni mmodzimodzi, diresi ni imodzimodzi. Yamene munaona imwe inali ya pa Chinayi madzulo. Masiku anu awiri anali dzulo na lero. Atha."

Kunena zoona, Whyson anadziwa pomwepo kuti mayiyu sakunama. Koma Blackson anali pomwepo akupukuta manja, ndipo anyamata awiri a pa njira anali ataima kumvetsera.

"Ba Whyson," anatero Petronella, atatuluka n'kumugwira mkono, zomwe sankachita pagulu. "Malaini awiri akwana. Bwezani malata kuseni. Yachitatu tizaika chaka chamawa."

"Malaini awiri ni kuseweretsa simenti. Pansi nikakweza, mutu uzagundanso malata. Blackson ayenda pa Mande, nizamupeza kuti wina?"

"Nizawerama ine polowa. Sinidandaula."

"Kawiri konse anakamba kuti mvula, mvula sinabwere. Lero akamba kuti dzuwa, mufuna nikane? Nileke nchito chifukwa cha mipando ya madamu?"

"Mulamu, ine nakamba chabe vamene nidziwa," anatero Christine.

"Imwe mudziwa kukolopa, ba Christine. Vomanga tisiyileni ise."

Blackson anaseka. Christine anatola chikwama chake n'kulowa kwake. Mawu amenewo Whyson anawamva kuwawa atangotuluka m'kamwa, koma sanawabweze.

Nthawi ya nkhani itayandikira ananyamuka yekha kupita kwa Dalton. Anafika mpaka pakhomo. M'kati munali modzaza, timu ziwiri zazikulu zikumenyana, anthu ataima ndi pa mawindo pomwe. Wina anamuona n'kukuwa, "Abwera ba mvula!" Whyson anakweza dzanja ngati amangodutsa, napitirira. Chimene chinamubweza pakhomo paja chinali manyazi basi, palibenso china, ndipo madzulo amenewo mayi wa pa mapu anachenjezadi za chimvula.

Lamulungu kunacha kopanda ndi kamtambo. Petronella anali atagona kwa Christine, ndipo potuluka kupita kutchalitchi anapeza mwamuna wake ali kale pamwamba.

"Yang'ana kumwamba, Petro! Uza ba Christine akatulutse mipando ya madamu!"

Petronella anayang'ana kumwamba, anayang'ana mwamuna wake, napita.

Pofika masana kunatentha kodabwitsa, mphepo zii, thukuta likuyenderera m'maso. Laini yachitatu inali itatha mbali zitatu. Blackson ndiye anayamba kuona.

"Mwana, cheuka."

Kumadzulo kunali kutada bii, ndipo mdimawo unkabwera mothamanga. Anasiya simenti mu wilibala n'kuthamangira malata. Loyamba analikweza, koma asanakhome msomali mphepo inafika, inalitsomphola m'manja mwa Blackson n'kukaliponya pa chimbudzi cha anthu ena. Lachiwiri linamucheka Whyson pachikhatho. Kenako mvula inayamba, osati yoyamba ndi madontho ayi, yongokhuthuka.

Simenti ya m'mawa ija inali isanagwire. Whyson anaiona ikusungunuka m'mizere n'kumatsika pakhoma ngati phala. Anavula malaya n'kufundika pakona, anang'amba pulasitiki ya pa katundu n'kufundika pena, koma munthu mmodzi angafundike makoma anayi? Ngalande ya kuseri, yodzaza mabotolo ndi mapepala a pulasitiki, inasefukira. Mabuloko akale a apongozi ake, amene munali mchenga wambiri kuposa simenti, anayamba kumwa madzi pamwamba ndi pansi pomwe, atasenza katundu watsopano amene sanamuzolowere.

"Choka m'menemo!" anakuwa Blackson, n'kumukoka pa lamba.

Anangotuluka, khoma lakumbuyo linafufuma pakati, linaima kanthawi, kenako linagwa chagada m'madzi. Pogwa linakoka la pakati, la pakati linakoka la kuchipinda. Sipanamveke phokoso lalikulu, mvula inali ikusokosera kwambiri.

Petronella anafika mvula itayamba kukata, Christine atamugwira mkono, madzi ali m'maondo, nsapato zili m'manja. Anthu anapatuka kumupatsa njira. Whyson ankayembekeza kuti akuwa, amutukwana pamaso pa komboni yonse, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Koma iye anayang'ana dzanja lochekeka lija, limene Whyson anali atalimanga nsanza.

"Mwapwetekeka?"

"Pang'ono chabe."

Anayang'ananso pamene panali chipinda chawo. Matiresi anali pansi pa mabuloko, mwendo umodzi wa bedi utatulukira m'madzi.

"Atate pomanga iyi nyumba ine n'nali kuwatungira madzi," anatero. "N'nali na zaka naini."

Madzulo omwewo mkulu wake wa Petronella, Tamara, anabwera ndi takisi mpaka pamene msewu unathera, namutenga kupita naye kwake ku Matero.

Masabata awiri otsatira mvula sinapume. Whyson ankagona pa benchi mu babashopu, ndipo Dalton, amene tsopano sankamuyang'ana m'maso, ankasintha yekha TV nthawi ya nkhani ikakwana, mpira uli m'kati, popanda wodandaula. Whyson ankaonera mayi uja tsiku lililonse pa nthawi yake. Zinalibenso ntchito. Kwa Christine anapita kamodzi kukapepesa, mayiyo n'kungoti, "Vinachitika, mulamu," akupitiriza kuchapa.

Mwana anabadwa wamkazi, wathanzi, wa tsitsi lambiri. Kuchoka ku kiliniki Petronella anapita naye kwa Tamara, m'chipinda chimodzi cha lendi chimene munkagona Tamara, mwamuna wake ndi ana atatu. Tamara anamupatsa Petronella pakona, kuseri kwa nsalu yopachikidwa pa chingwe. Patatha sabata anatumiza uthenga kuti Whyson abwere.

Anafika masana n'kukhala pa kampando pafupi ndi chitseko, chipewa chili pa bondo. Anamupatsa mwana. Anamunyamula mwamantha, akuyang'ana tizala take, ndipo misozi inangobwera yokha.

"Petro, ba Christine pokamba paja, n'nadziwa kuti akamba zoona. N'nadziwa pamene paja."

"Nidziwa kuti munadziwa. N'naona pa nkhope panu."

"Sembe n'nabweza malata kuseni, nyumba ikanakhala ilipo. Ola limodzi chabe."

"Sembe," anatero Petronella. Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri.

"Nizamanganso. Mvula ikatha nizaumba mabuloko anga, olimba."

"Mvula ikatha ba Chibwe azakuitanani ku Chalala."

Tamara, amene nthawi yonseyi anali pakhomo akusankha nyemba, anapukuta manja pa chitenje n'kulowa. Anapisa pansi pa pilo natulutsa kansalu koyera komangidwa mfundo, kakang'ono ngati chala.

"Mulamu, chamene takuitanirani ni ichi. Mchombo wa mwana wagwa dzulo. Kwathu mchombo sutayidwa, umakwiriridwa pakhomo pa mwana, kuti azidziwa kwawo. Pano ni pa lendi, mwezi wamawa tingachoke. Sungakhale pano."

Anamuika kansaluko m'dzanja la bala lija.

"Kaukwirireni pakhomo pake," anatero Petronella, akulandira mwana. "Pamene tinali kulowera."

Whyson anakwera minibasi mpaka m'tauni, kuchoka apo anayenda wapansi. Atalowa mu Kanyama anavula nsapato, anapinda buluku, nayamba kuyenda m'madzi obiriwira, akuponda pa miyala ndi matumba a mchenga amene anthu anaika. Kwa Christine anabwereka khasu.

Pamalo pawo panali khoma limodzi lokha, lakutsogolo theka, malaini ake atsopano akadali owongoka pamwamba. Anafufuza ndi phazi mpaka anapeza sitepe ya pakhomo. Madzi anali m'akakolo pamwamba pa sitepeyo, ndipo kutsogolo kwake anali m'maondo. Anatema kamodzi ndi khasu, matope anabwerera pomwepo. Anazungulira malo onse, kumbuyo, m'mbali, pamene panali chipinda, akusaka dothi louma lokwana chikhatho chimodzi, koma sanalipeze.

Christine anali ataima pakhomo pake akumuyang'ana.

"Mwapeza, mulamu?"

Whyson anapukusa mutu. Anaika kansalu kaja m'thumba la malaya, la pachifuwa, namanga batani. Kenako anakhala pa mulu wa mabuloko ogumuka, mapazi ali m'madzi, dzanja litagwira thumbalo kuti lisanyowe, pakuti kunali kutayambanso kuwaza.